Kusunga ndi kukwera Suzuki V-Strom 650 kwa zaka zambiri

Njinga zamoto zopangidwira maulendo ataliatali, zimene zimayenda pa phula ndi pa fumbi pomwe, zilipo zamisinkhu yosiyanasiyana, koma zimene munthu wamba angathe kuzisamala kwa zaka zambiri osatopa nazo ndi zapakatikati, za injini yoyambira pa 450cc kukafika cha m'ma 800cc. M'gulu limeneli muli Kawasaki KLR 650 imene inayamba kugulitsidwa mu 1987, BMW F 800 GS ya mu 2008, Honda CB500X ya mu 2013, Yamaha Ténéré 700 ya mu 2019, ndiponso Suzuki V-Strom 650 imene inatuluka mu 2004. Malangizo ali m'munsimu atsamira pa V-Strom 650, chifukwa ndi njinga imene yakhalitsa pa msika popanda kusintha kwambiri, zakale zake zimapezeka mosavuta ku South Africa ndi ku Britain, ndipo zambiri zimene zimaivuta ndi zomwezo zimene zimavuta zinzake zonse.

Mfundo yoyenera kuigwiritsitsa kuyambira pachiyambi ndi yakuti buku la kampani linalembedwera misewu yosalala, mafuta oyera ndi mpweya wopanda fumbi lambiri. Ziwerengero za m'bukulo ndi zoona ndipo ndi poyambira pabwino, koma munthu amene amayenda pakati pa Lilongwe ndi midzi ya ku Mchinji m'mwezi wa Seputembala ayenera kuziona ngati malire amene sayenera kufikapo. Zimene zimakalambitsa njinga yoteroyo kuno ndi fumbi, mafuta, tcheni chosasamalidwa ndi kuchedwa kwa masipeyala. Mphamvu ya injini, imene ogula ambiri amayamba kufunsa, siivuta kawirikawiri.

Musanapereke ndalama

V-Strom 650 ili ndi injini ya 645cc ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V, yochokera ku njinga ina ya Suzuki yotchedwa SV650. Tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 19, lakumbuyo la mainchesi 17. Zimene zinapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2011 zili ndi thanki ya malita 22, pamene za 2012 kupita mtsogolo zili ndi ya malita 20. Mu 2015 kunabwera mtundu wa XT wa mawilo a masipoko, ndipo mu 2017 anawonjezera makina oletsa tayala lakumbuyo kuterereka mukatsegula moto. Njingayi ikadzaza mafuta imalemera kupitirira makilogalamu 210, ndipo chiwerengero chimenechi ndi chimene muyenera kuchilingalira mofatsa kuposa zina zonse, chifukwa tsiku lina idzagwa pamalo pamene palibe munthu wokuthandizani. Khalanipo, muone ngati mapazi onse awiri akugunda pansi ngakhale ndi zala zokha, kenako muikankhe chammbuyo pamalo okwera pang'ono. Ngati zimenezi zikukuvutani pabwalo la wogulitsa, mumchenga zidzakuvutani kwambiri, ndipo njinga yopepukirapo ngati CB500X ingakuyenereni bwino.

Pokaona njinga yakale, pemphani kuti asailize inu musanafike. Ikani dzanja pa injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imalira bwino ikatenthedwa kale. Ikamalizidwa, imani kumbuyo muone utsi: wabuluu umasonyeza kuti ikudya oyilo. Nyali ya FI, yochenjeza za vuto pa makina othira mafuta mu injini, iyenera kuzima injini ikalira. Gwadani muone pansi pa injini ngati pali pogundika kapena powotcherera, muone ngati mapaipi owala a ma shock akutsogolo ali ndi oyilo wotuluka, ndipo muzungulitse mawilo kuti muone ngati limu lili lopindika. Funsani mapepala osonyeza ntchito zimene zinachitika pa njingayo. Mwini amene ali ndi malisiti a oyilo ndi tcheni ndi wodalirika kuposa amene wangoitsuka bwino.

Za mapepala n'zachidule koma zosadumphika. Nambala ya chassis imene inadindidwa pakhosi la njinga ifanane ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. Ngati njinga ikuchokera kunja, payenera kukhala umboni wakuti msonkho wa MRA unalipidwa ndi chikalata cha apolisi chosonyeza kuti si yobedwa. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike nthawi yomweyo, pamodzi ndi COF ndi inshuwalansi. Laisensi ya A1 imalekezera pa njinga za 125cc, choncho ya 650 imafuna laisensi ya A.

Zogula zoyamba zikhale ziwiri zokha. Choyamba ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini, chifukwa pa V-Strom fyuluta ya oyilo ndi paipi ya utsi zili poyera kutsogolo, pamalo pamene tayala limaponyera miyala, ndipo njingayi ndi yofupika pansi, mpata wake ndi pafupifupi mamilimita 170 basi. Chachiwiri ndi zitsulo za m'mbali zoteteza thanki ndi radiyeta ikagwa. Mabokosi, nyali zowonjezera ndi paipi ya phokoso zingathe kudikira, ndipo paipi ya phokosoyo, m'kuona kwanga, ingadikire mpaka kalekale.

Fumbi, oyilo ndi mafuta

Injini imakoka mpweya wochuluka zedi pa kilomita iliyonse, ndipo chimene chimaima pakati pa fumbi la m'chilimwe ndi masilinda ndi kapepala kopindidwa ka fyuluta ya mpweya. Fumbi likadutsa, limapala makoma a silinda ndi ma ring a pisitoni pang'onopang'ono, popanda phokoso lililonse, mpaka mudzangoona oyilo akutsika m'kagalasi ndi mphamvu zikuchepa pa mtunda. Vuto la V-Strom ndi lakuti fyulutayi ili pansi pa thanki, kotero kuti kuifikira kumafuna kuchotsa mapulasitiki ndi kutukula thanki, ndipo ntchito yotopetsa ndi imene anthu amaizengereza. Phunzirani kuichita nokha mpaka izolowereke. Ngati mwayenda masiku angapo m'misewu ya fumbi, makamaka kumbuyo kwa malole, tsegulani muone, osadikira makilomita a m'buku. Mukachotsa fyuluta, pisani chala m'bokosi ku mbali yopita ku injini. Mbali imeneyo iyenera kukhala yoyera kotheratu. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira ndiye kuti fyuluta yang'ambika kapena sinakhale bwino m'mphepete mwake, ndipo kupaka girisi pang'ono m'mphepetemo poibwezera kumathandiza kutseka mpata. Musaipope ndi mpweya wamphamvu wa pa malo opopera matayala, chifukwa umaboola timabowo tosaoneka ndi maso. Khalani ndi ina yatsopano kunyumba nthawi zonse.

Buku la njinga zambiri za mtunduwu limati oyilo asinthidwe pa makilomita 6,000 aliwonse. Amene amayenda kwambiri m'fumbi, m'kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kapena maulendo afupiafupi a m'tauni amene injini siitentha mokwanira, achita bwino kusintha asanafike pamenepo, ndipo ngakhale njinga itayenda pang'ono chaka chisathe oyilo ali yemweyo. Oyilo woyenera ndi 10W-40 wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA kapena MA2 pa botolo. Chifukwa chake n'chakuti kalachi ya njingayi imasambira mu oyilo yemwe amathirira injini ndi magiya, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala ochepetsa kukhulana amene amachititsa kalachi kuterereka. Mu injini mumalowa oyilo wosakwana malita atatu. Poyeza, njinga iime chilili pamalo osalala, osati itatsamira pa mwendo wake, ndipo mudikire mphindi zingapo mutaizimitsa. Bawuti yotulutsira oyilo imamangidwa ndi mphamvu ya 21 Nm yokha pa sipanala yoyezera mphamvu, ndipo apa m'pamene amakanika ambiri a changu amawonongera mazinga a injini pofuna kuonetsa kuti amanga kwambiri. Gulani oyilo wa m'botolo losatsegulidwa pamalo odziwika. Wopungulidwa m'timabotolo ta madzi akumwa m'mbali mwa msewu asalowe mu injini imeneyi.

Nkhani ya mafuta ili ndi mbali ziwiri. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo izi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako panabwera ina ku Chikwawa. Njinga imene ikuyenda tsiku ndi tsiku siidandaula kwenikweni, koma ethanol amakoka chinyezi, kotero kuti njinga yoimikidwa miyezi iwiri kapena itatu ya dzinja ndi thanki yosadzaza imayamba dzimbiri m'kati. Dzimbirilo limakatseka sefa ya pampu ya mafuta imene ili m'thanki momwemo, ndipo chizindikiro chake ndi njinga imene ikuyenda bwino pang'onopang'ono koma ikutsamwa mukatsegula moto kuti mupitirire lole. Ngati mukuiimika nthawi yaitali, dzazani thanki mpaka pakhosi kuti mpweya wa chinyezi usapeze malo, ndipo kamodzi pa sabata kapena ziwiri muikwere mtunda wokwanira kuti itenthe. Kungoiliza pakhonde mphindi ziwiri kumangomaliza batire.

Mbali yachiwiri ndi mafuta a m'zigubu, amene pa nthawi ya kusowa kwa mafuta aliyense amafika powagula. Mafuta otere amatha kukhala ndi madzi, mchenga kapena parafini. Yendani ndi fanulo yokhala ndi sefa, kapena nsalu yoyera yothina, ndipo muthire pang'ono m'botolo loonekera kuti muone ngati pansi pakukhazikika madzi. Mwayi wa V-Strom ndi wakuti siimwa kwambiri: mukamayenda modekha lita imodzi imakufikitsani makilomita opitirira 20, choncho thanki yodzaza imakwanira kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi kutsalako. Komabe chizolowezi chabwino ndi kuthira pamene mwapeza mafuta thanki ikafika theka, chifukwa pampu imazizira ndi mafuta amene yamiramo, ndipo kuyenda kawirikawiri nyali ya mafuta ikuphethira kumafupikitsa moyo wake.

Tcheni ndi matayala

Tcheni cha njingayi ndi cha saizi 525, ndipo pakati pa zigawo zake pali timphira tating'ono timene timasunga girisi wa ku fakitale m'kati. Timphira timeneti tikawonongeka, tcheni chimatha mofulumira ngakhale mutachithira mafuta ochuluka motani. Choncho musachitsuke ndi petulo, musachikweche ndi burashi ya waya, ndiponso musalole anyamata otsuka magalimoto kuchiwomba ndi madzi amphamvu. Parafini, burashi yofewa ndi kansalu n'zokwanira. Pothira mafuta, thirani chakum'kati tcheni chikadali chotentha pambuyo pa ulendo, kenako mupukute otsala onse. Mafuta onata kwambiri akakumana ndi fumbi amasanduka phala lokhala ngati lonolera mipeni, ndipo amadya tcheni ndi mano a sprocket, magudumu amene tchenicho chimayendapo, kuposa mmene kuuma kukadachitira. M'chilimwe oyilo wa magiya wa 80W-90 wopakidwa pang'ono kawirikawiri amagwira ntchito bwino ndipo amapezeka paliponse.

Kulendewera kwa tcheni kukhale pakati pa mamilimita 20 ndi 30, kuyeza pakati pa ma sprocket awiriwo. Tcheni sichitha mofanana ponse, choncho zungulitsani tayala mpaka mupeze pamene chathina kwambiri, ndipo muyezere pamenepo. Anthu ambiri ozolowera njinga za kabaza amakonda kuchikoka mpaka chiwongoke, koma pa njinga imene kumbuyo kwake kumatsika kwambiri ikanyamula katundu, tcheni chothina chimakoka shafti yochokera ku magiya ndi kuwononga bearing ndi mphira yake, ndipo kukonza zimenezo kumafuna kutsegula injini. Kulekerera pang'ono n'kwabwino kuposa kuthinitsa. Kuti mudziwe ngati chatha, chikokeni chammbuyo pa sprocket yakumbuyo. Mukaona theka la dzino, kapena mano atapindika ngati mbedza, nthawi yakwana. Sinthani tcheni ndi ma sprocket onse awiri nthawi imodzi, chifukwa chatsopano choikidwa pa mano akale chimatengera kutha kwa manowo m'miyezi yochepa. Nati ya ekiselo yakumbuyo imafuna 100 Nm, ndipo mizere ya mbali zonse ziwiri ifanane kuti tayala lisayende chopendekeka.

Matayala ndi 110/80 R19 kutsogolo ndi 150/70 R17 kumbuyo, opanda tchubu, ndipo umenewu ndi mwayi waukulu poyerekeza ndi Ténéré 700 kapena KLR 650 zimene msomali umodzi umafuna kuchotsa wilo lonse. Pa V-Strom mumazula msomali, n'kukuza bowo ndi kachitsulo kake, n'kulowetsa kachingwe komata, n'kupopa. Yesererani pa tayala lakutha kunyumba musanakakumane nazo pakati pa Jenda ndi Mzimba dzuwa likulowa. Mpweya ndi 225 kPa kutsogolo ndi 250 kPa kumbuyo, kapena cha m'ma 280 kPa kumbuyo mukanyamula munthu, kuyeza matayala ali ozizira ndi geji yanuyanu. Ena amalangiza kuphwetsa kwambiri matayala pa msewu wa miyala. Pa njinga yolemera chotere, makamaka ya mawilo opanda masipoko, chepetsani pang'ono chabe, chifukwa tayala lofewa likagunda m'mphepete mwa dzenje limu limapindika kapena kusweka, ndipo limu la V-Strom simungalipeze pa msika wa pa boma.

Posankha tayala dzifunseni moona mtima za misewu imene mumayendamo. Ngati gawo lalikulu ndi phula, matayala ngati Metzeler Tourance kapena Michelin Anakee amagwira bwino pa mvula ndipo sachita phokoso. Ngati mumapita kumudzi kawirikawiri, Mitas E-07 ndi Heidenau K60 Scout amadziwika ndi kukhalitsa ndi kugwira pa dothi, ngakhale kuti pa phula lonyowa amafuna ulemu. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2321 ndi sabata ya 23 ya 2021. Tayala limene lakhala zaka zopitirira zisanu limauma ngakhale mizere yake ikuoneka yatsopano.

Kakweredwe

Pa phula njingayi siivuta, ndipo ngozi zake zimachokera kunja kwa njinga. M'malo a malonda a m'mbali mwa M1 minibasi imaima pamene dalaivala waona munthu, wa kabaza amatembenuka osayang'ana kumbuyo, ndipo mbuzi imodzi ikawoloka pali ina imene ikutsatira. Oyendetsa magalimoto ambiri akaona nyali imodzi amaganiza kuti ndi njinga yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono, ndiye amalowa mumsewu kapena kupitirira mnzawo akubwera kumbali yanu, poyembekeza kuti mupatukira kunja kwa phula. Yendani pamalo pamene akukuonani bwino, zala ziwiri zili pa buleki, ndipo nthawi zonse mudziwe kumene mungathawire. Mukaona nthambi zaziwisi zitaikidwa mumsewu, patsogolo pali galimoto yowonongeka. Usiku musayende ngati pali njira ina iliyonse: ngolo, njinga zakapalasa ndi malole oima opanda nyali zimaonekera mochedwa, ndipo maenje amene masana mumawazemba usiku mumawadziwa mutawagunda kale.

Pa dothi pamafunika kuphunzira mwadala. Imirirani pa zopondera, mawondo opindika pang'ono atagwira thanki, manja omasuka, maso akuyang'ana kutali kumene mukufuna kupita, chifukwa njinga imatsata maso, ndipo woyang'anitsitsa mwala amaugunda. Mumchenga tayala lakutsogolo limayamba kugwedezeka, ndipo mtima umakuuzani kuti mutseke moto, pamene kutseka moto kumaponya kulemera konse kutsogolo n'kulimiza. Chepetsani liwiro musanalowe, sankhani giya yachiwiri, bwezerani thupi kumbuyo, ndipo moto ukhale wosasintha mpaka mutuluke. Matope ofiira a m'dzinja ndi ena: amaunjikana pakati pa tayala ndi madigadi yakutsogolo, imene pa V-Strom ili pafupi kwambiri ndi tayala, mpaka wilo limaleka kuzungulira ndipo mumagwa musanadziwe chimene chachitika. Imani kawirikawiri muchotse ndi kamtengo, kapena mudikire dzuwa liumitse msewu maola awiri, chimene nthawi zambiri ndi chanzeru kuposa luso lililonse.

Msewu wa Gorodi, wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi makona ake akuthwa pafupifupi 20, ndi chitsanzo chabwino cha malire a njingayi. Imakwera, koma pa ngodya iliyonse pamene miyala ili yosakhazikika pamafunika giya yoyamba, kalachi yogwiridwa theka ndi kuyang'ana kotulukira ngodya musanalowemo. Potsika lolani injini igwire njinga, muthandizire ndi buleki yakumbuyo, yakutsogolo muigwire mofatsa njinga ili chilili. Dziwaninso kuti ABS ya V-Strom 650, makina oletsa matayala kukhwekhwereza mukagwira buleki mwamphamvu, ilibe batani loizimitsira, ndipo pa miyala yoterereka imamasula buleki pamene inu mukufuna kuima, choncho musiye mtunda wokwanira. Mitsinje yosefukira musaiyese. Njinga ikagwera m'madzi akuya musailize mpaka mapulagi atachotsedwa ndi madzi atatulutsidwa m'masilinda, chifukwa madzi sapanikizika ndipo chimene chimapindika ndi chitsulo cha pisitoni.

Ikagwa, zimitsani injini, mupume kaye, muchotse katundu, muiike mu giya kuti isagubuduke. Ngati yagwera kumanja tambasuliranitu mwendo wake. Tembenukani msana ugunde mpando, dzanja lina ligwire chiwongolero cha pansi, lina chogwirira chakumbuyo, ndipo muikankhe ndi miyendo mukubwerera mmbuyo pang'onopang'ono. Pa misewu yathu anthu sachedwa kufika kudzathandiza, koma auzeni pogwira, chifukwa amathamangira magalasi ndi ma indicator.

Thupi la wokwera nalonso limatha. Galasi lakutsogolo la V-Strom limadziwika ndi kuponya mphepo yogwedeza chisoti. Limasunthika m'malo atatu, choncho yesani onse musanagule lina. Phokoso la mphepo limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo totseka m'makutu totchipa timateteza. Chisoti chikhale chotseka nkhope yonse, chokhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06, ndipo chikagunda pansi mwamphamvu kamodzi ntchito yake yatha. Mu Okutobala jekete limatentha, koma lokhala ndi mipata yolowera mphepo lilipo, ndipo nsapato zotseka akakolo ndi magolovesi sizivulidwa nyengo iliyonse.

Amakanika, masipeyala ndi zaka zikamapita

Amakanika a njinga za kabaza ali paliponse ndipo ambiri ndi aluso pa matayala, mabuleki ndi kuwotcherera, koma anazolowera injini za silinda imodzi za kabureta. V-Strom imathira mafuta ndi kompyuta, ndipo ma valve ake amayezedwa pa makilomita 24,000 aliwonse, ntchito imene ikafuna kusintha timbale tating'ono ta shim imafika pochotsa ma camshaft, zitsulo zimene zimatsegula ma valve. Imeneyi ipatseni munthu amene ali ndi sipanala yoyezera mphamvu ndipo sachita manyazi kutsegula buku. Gulani buku la amakanika la njinga yanu, la chaka chake chenicheni, ndipo mukhalepo pamene ntchito ikuchitika. Mpata wa valve ukachepa sipamveka phokoso, njinga imangoyamba kuvuta kulira m'mawa, choncho kusamva kanthu si umboni wakuti zonse zili bwino.

Masipeyala ambiri amachokera ku Johannesburg, pa basi kapena ndi achibale, ndipo amatenga masabata. Chinsinsi ndi kuitanitsa chinthu chisanathe. Pa shelefu pakhale fyuluta ya oyilo, ya mpweya, ma pad a mabuleki, chingwe cha kalachi, zogwirira za buleki ndi kalachi, mapulagi, mphira za ma shock akutsogolo ndi ma bearing a mawilo. Njinga za 2007 kupita mtsogolo zili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, ndiye kuti anayi. Poitanitsa tumizani nambala ya sipeyala ndi ya chassis, chifukwa za 2011 ndi za 2012 zimafanana dzina koma zambiri sizilowana. Ma bearing a mawilo okha ndi a saizi wamba, ndipo mukawerenga nambala yodindidwa m'mphepete mwake mungawapeze m'masitolo a zida za mafakitale ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Njingayi ilibe kiki, kotero batire ikafa ulendo watha. Kamita koyezera magetsi n'kotchipa ndipo kamakuchenjezani nthawi isanathe: batire yabwino imaonetsa cha m'ma 12.6 V njinga itazima, ndipo injini ikamathamanga iyenera kufika cha m'ma 14 V. Ikalephera kufika pamenepo, kapena ikapitirira 15 V, vuto lili pa stator imene imapanga magetsi kapena pa regulator imene imawawongolera, kapenanso pa mawaya olumikiza ziwirizi amene amapsa akachita dzimbiri. Amene amawonjezera nyali zikuluzikulu podula mawaya mwachisawawa ndi amene amakumana ndi zimenezi msanga. Chilichonse chowonjezera chikhale ndi fyuzi yake.

Sungani kabuku kolembamo tsiku, makilomita, ntchito imene yachitika ndi mtengo wake. M'chaka chachiwiri kabukuko kamayamba kukuuzani kuti tayala lakumbuyo limakutengerani mtunda wotani ndi kuti tcheni chidzafunika liti, ndipo mumayamba kupatula ndalama mwezi ndi mwezi m'malo modzidzimuka. Mulinso ntchito zimene zimayendera zaka, osati makilomita, ndipo popanda kulemba zimaiwalika: mafuta a mabuleki a DOT 4 amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse chifukwa amakoka chinyezi, ndipo akakalamba amawira pa mtsetse wautali ngati wa Chiweta kapena Khwekhwelere, buleki n'kufewa pamene mukuifunitsitsa. Madzi a radiyeta akhale coolant weniweni, chifukwa a pa mjigo amasiya zokakamira m'timipata ta aluminiyamu.

Njinga ikadutsa makilomita 50,000, injini nthawi zambiri imakhala idakali yolimba, ndipo zimene zatopa ndi zonyamula njingayo. Oyilo wa m'ma shock akutsogolo amakhala atada ndi kupyapyala, ndipo kumusintha kumabwezeretsa kakhalidwe ka njinga moonekeratu. Shock yakumbuyo ikatha njinga imapitiriza kudumphadumpha itadutsa bampu. Isanafike pamenepo, gwiritsani ntchito kachitsulo kopotokola kamene kali m'mbali, kolimbitsira sipuling'i mukanyamula munthu kapena katundu, kamene eni ambiri sanakakhudzepo chigulireni. Ma bearing a zitsulo zolumikiza shock ndi mkono wa wilo lakumbuyo ali pansi penipeni pamene pamafika madzi ndi matope, ndipo ayenera kumasulidwa ndi kupakidwa girisi dzinja lililonse likatha. Kuti muyeze ma bearing a pakhosi, tukulani tayala lakutsogolo lichoke pansi, mutembenuze chiwongolero pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja. Chikamakodwa pakati, misewu ya mabampu yasindikiza kale timaenje m'kati mwake, ndipo kumangitsa nati sikungachotse timaenjeto. Asintheni onse awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo mukayenda makilomita 1,000 oyamba muwaonenso ngati sanakhwefuke.